Mwana wosuzumira m'kati mwa makina musamuthamangitse

M'chaka cha 2020 munachitika zinthu ziwiri zokhudza kubera mayeso, china kunja china kwathu kuno, ndipo mpaka lero ndimaziganizira pamodzi. Mu Meyi kampani ya ku America ya Texas Instruments, yomwe imapanga makakuleta ojambula magirafu amene ana a sukulu a ku America ndi ku France amagwiritsa ntchito, inatulutsa pulogalamu yatsopano yoyendetsera makakuleta ake a mtundu wa CE. Aliyense amene anaiika anangoona kakuleta yake ikukana mapulogalamu a assembly, omwe ana a sukulu ndi anthu okonda makina akhala akudzilembera okha kwa zaka zoposa 20. Kampani inati ikuteteza mayeso. Mu Novembala boma lathu linathetsa mayeso a MSCE ali m'kati, chifukwa mapepala anali atatuluka kale n'kumayenda pa WhatsApp, ndipo ana athu anakalembanso mu Januwale 2021. Mapepala amenewo anadutsa m'manja mwa anthu. Sipanafunike mwana wodziwa zam'kati mwa makina kuti atuluke.

Ndimaphunzitsa masamu pa sukulu ina ya sekondale ku Chilomoni, ndipo chomwe ndikufuna kunena n'chakuti mwana amene watenga pulogalamu yomalizidwa kale, n'kuifukula mpaka kupeza nambala imodzi yoti asinthe, akuchita maphunziro apamwamba kuposa ambiri amene timamupatsa m'kalasi. Dziko ngati lathu, lomwe limagula pafupifupi makina onse kunja, ambiri ali ogwiritsidwa kale ntchito, likufunika anthu otere kwambiri. Koma ife tikamuona timayamba kumukayikira kuti ndi kamberembere.

Makakuleta ojambula magirafu ndi osowa kuno. Ana athu amayenda ndi Casio wamba, ena ndi yoona ena ndi yongofanizira, yomwe mabatani ake amafufutika teremu isanathe. Yanga ndi TI-84 Plus, ndipo ndinaipeza mumsika wa Ndirande pa mulu wa zamagetsi zakale, pakati pa marimoti ndi matchaja. Wogulitsa anati, "Bwana, iyi ndi ya maakaunti, ingofunika mabatire." Ku America imagulitsidwa madola oposa 100. Ine ndinaigula pa mtengo wa rimoti. Nditaika mabatire anayi a AAA inayaka, ndipo mu memory yake yosafufutika munali magemu omwe mwini wake woyamba, mwana wa sukulu wa kutali amene sindidzamudziwa, anasiyamo.

M'kati mwa kakuleta imeneyi, yomwe inatuluka mu 2004, muli pulosesa ya mtundu wa Z80. Z80 inapangidwa ndi kampani ya Zilog mu 1976, ndipo kampaniyo inasiya kuipanga payokha mu 2024, patatha zaka 48. Sikirini ya kakuletayi ili ndi timadontho 96 m'litali ndi 64 m'lifupi. Malo osungira zomwe munthu akugwira pa nthawiyo ndi 24 KB basi, osakwana ngakhale chithunzi chimodzi cha pa foni. Kuchepa kumeneku ndiko kumaipanga kukhala mphunzitsi wabwino. Foni ya masiku ano ndi yaikulu m'kati moti palibe munthu mmodzi amene angaimvetse yonse. Z80 mwana wa Fomu 3 akhoza kuimvetsa yonse, lamulo lililonse, ngati ali ndi khama.

Ndifotokoze zomwe zimachitika, chifukwa ambiri amene amaopa ntchitoyi sanaionepo. Wolemba pulogalamu ya assembly amalemba malamulo afupiafupi omwe munthu angawerenge: ika nambala iyi apa, chotsa imodzi, ngati yatsala ziro dumphira uko. Amaikamo mayina ndi ndemanga zomukumbutsa cholinga cha mzere uliwonse. Kenako pulogalamu ina imasandutsa zonsezo kukhala manambala okhaokha oti pulosesa imve, ndipo mayina aja ndi ndemanga zija zimatayika. Chomwe chimafika kwa inu ndi mndandanda wa ma byte olembedwa mu hex, kawerengedwe ka 16 komwe kamagwiritsa ntchito 0 mpaka 9 kenako A mpaka F. Zili ngati telala amene mwamupatsa jekete ya pa kaunjika kuti aikonze: patani alibe, amene anaisoka samudziwa, nsalu yowonjezera palibe, ayenera kuwerenga misoko kuti adziwe zomwe mnzake ankaganiza.

Tiyerekeze gemu yomwe imakupatsani mwayi katatu musanagonje. Penapake mu manambala aja muli 3E 03, kutanthauza kuti ika 3 m'kabokosi ka pulosesa kotchedwa A. Mukasintha 03 kukhala 09, mwayi wanu wakwera kufika pa 9. Zikumveka zophweka, koma 3E 03 akhoza kupezeka malo ambiri, ndipo kwina si lamulo konse, ndi kachidutswa ka chithunzi kapena ka mawu komwe kangofanana nalo. Manambala sanena okha kuti ine ndine lamulo, ine ndine chithunzi. Muyenera kutsatira njira yomwe pulosesa imayenda, kuchokera pa adiresi 9D95 pomwe mapulogalamuwa amayambira, mpaka mutatsimikiza.

Palinso malamulo odumpha. Nambala 28 imati dumpha ngati yankho ndi ziro. Nambala 20 imati dumpha ngati si ziro. Nambala 18 imati dumpha basi, usafunse. Kusintha 28 kukhala 18 ndi byte imodzi yokha, koma pulogalamu yonse imasiya kufunsa funso lomwe inkafunsa. Ndipo pali lamulo la ntchitoyi lomwe silikhululuka: simungalowetse byte yatsopano pakati. Mukatero, zonse za kutsogolo zimasunthira malo amodzi, ndipo lamulo lililonse lomwe linkaloza adiresi yeniyeni, monga C3 wodumpha kapena CD woitana, limakagwera polakwika. Mukafuna kuchotsa lamulo mumalikwirira ndi 00, lomwe limauza pulosesa kuti usachite kanthu, pita patsogolo. Mukafuna kuwonjezera, mumafunafuna malo opanda ntchito kumapeto, n'kudumphirako, kenako n'kubwerera. Adiresi imalembedwa chobwerera, 9D95 imaoneka ngati 95 9D. Mukalakwitsa, kakuleta imauma, kapena imazima n'kuyaka itafufuta zonse za mu RAM.

Mtsikana wina wa Fomu 3, wochokera ku Machinjiri, ankatsalira tikaweruka kuti aone kakuletayi. Pa masamu a m'kalasi anali wapakatikati. Ndinamusindikizira tebulo la malamulo a Z80, ndipo anayamba kukopera manambala a gemu ina m'kope lake la masamu, n'kumalemba tanthauzo la byte iliyonse pambali ndi pensulo. Tsiku lina anati, "Aphunzitsi, apa pakuchotsa imodzi kenako pakufunsa ngati yatha. Ndikaika 00 pa chochotsachi sindifa." Analidi atapeza. Koma chomwe chinandigwira mtima n'chakuti anafotokoza chifukwa chake asanayese. Anaganiza, ananena zomwe zichitike, kenako anayesa. Mwana yemweyo ndinkavutika naye kuti alembe njira zake pa algebra. Apa ankalemba njira iliyonse payekha, chifukwa kakuleta ikazima ankafuna kudziwa pomwe wapatukira.

Ntchitoyi inayamba ndi ana ngati ameneyu. TI-85 inatuluka mu 1992 yosalola assembly. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 achinyamata ena anazindikira kuti akatumiza zonse za mu memory ya kakuleta ku kompyuta, n'kusintha ma byte angapo, kenako n'kuzibweza, batani lina limaloza pa pulogalamu yawo. Anapanga pulogalamu yotchedwa ZShell, ndipo magemu ndi mapulogalamu a masamu anayamba kubadwa. Kampani sinawalange nthawi imeneyo. Mu 1996 inatulutsa TI-83 yololeratu assembly, ndipo khomo limenelo linathandiza kuti makakuleta ake akondedwe. Ubale unasokonekera mu 2009, pomwe Benjamin Moody anasiya kompyuta wamba ikuwerengera kwa masiku 73 mpaka inaphwanya nambala yachinsinsi ya ma bit 512 yomwe kampani inkasainira pulogalamu yoyendetsera TI-83 Plus. Izi zinatanthauza kuti munthu akhoza kuika pulogalamu yoyendetsera ya iye mwini pa kakuleta yomwe anagula ndi ndalama zake. Kampani inatumiza makalata oopseza ndi lamulo kwa anthu amene anafalitsa nambalayo, ndipo bungwe la Electronic Frontier Foundation linawaimirira. Loko wa mu 2020 uja naye sanakhalitse: pofika Seputembala chaka chomwecho, pulogalamu yotchedwa arTIfiCE inali itatsegulanso khomo. Choncho wofuna kubera sanatsekeredwe. Amene anatsekeredwa ndi mwana wamantha, womvera, amene akanayesa akanauzidwa kuti n'zololedwa.

Wina anena kuti izi ndi nkhani za ku America. Apite ku Ndirande, ku msika wa Limbe, pa siteji ya Zingwangwa kapena ku Bangwe, akaone anyamata okhala m'timaokala ndi laputopu yakale, mulu wa zingwe ndi kayironi kowotcherera. Foni ya Itel kapena Tecno ikaima pa chizindikiro osapitirira, iwo amaifulasha, kutanthauza kuti amalembanso pulogalamu yonse ya m'kati. Pulinta ya Epson ya pa shopu yojambulitsa mapepala ikakana kugwira ntchito, chifukwa kauntala ya m'kati yawerenga kuti siponji yomwa inki yadzaza, iwo amatsuka kapena kusintha siponjiyo n'kubweza kauntala pa ziro. Galimoto ya ku Japan ikafika wailesi yake ikulankhula Chijapani n'kumafuna khadi lomwe linatsala ku Yokohama, ndi iwo amene timawathamangira. Popanda anyamata amenewa, mulu wa zinthu zakufa mu Blantyre ukanatalika, ndipo ndalama zakunja zomwe tikulira nazozi zikanapita zambiri pogula zatsopano.

Koma ndimacheza nawo, ndipo pali chomwe chimandiwawa. Ambiri amadina batani la pulogalamu yomwe inalembedwa ndi munthu wa dziko lina, osadziwa zomwe ikuchita m'kati. Ikagwira, zikomo. Ikakana, amati, "Achimwene, iyi yafa, bodi yapita," pomwe mwina vuto ndi ma byte ochepa. Si ulesi kapena umbuli. Manja awo ndi aluso, ndipo amapirira kuposa ophunzira ambiri a ku koleji. Palibe amene anawakhazikapo pansi n'kuwaonetsa kuti pansi pa batani lija pali manambala owerengeka, oti munthu akhoza kuwamva. Mpata pakati pa wodina batani ndi wolemba pulogalamu ya batanilo ndi womwe mtsikana wa ku Machinjiri uja anayamba kuoloka ndi pensulo.

Dziko lino linapindulapo kale ndi makina otsegulidwa mwini wake asakufuna. Cha m'ma 1999 kampani ya Netpliance inkagulitsa kakompyuta kotchedwa i-Opener pa madola 99, kotsekedwa kuti kazigwira ntchito ndi intaneti ya kampaniyo yokha. Mu 2000 katswiri wina wa ku Las Vegas, Ken Segler, anaonetsa kuti kakhoza kusinthidwa kukhala kompyuta yeniyeni. Kampani inayesa kumata zam'kati ndi guluu ndi kudula timapini, koma malonda ake anagwa ndithu. Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health anagula timakompyuta timeneti motchipa, anatiika sikirini yogwira ndi chala, anatisintha kuti tizilandira magetsi kudzera pa chingwe cha netiweki, ndipo kuyambira mu 2001 tinayamba kulemba odwala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Mu 2006 dongosolo la Baobab linafika pa chipatala cha Queen Elizabeth, ku kiliniki ya ma ARV. Abale athu a ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa amene ankaima pa mzere ku Queens analembedwa ndi dongosolo lomwe mizu yake ili mu chinthu chomwe wina anakana kuchisiya chotseka.

Sindikubisa kuti luso lomweli limagwiritsidwa ntchito moipa. Foni ikabedwa mu minibasi ya ku Machinjiri, kawirikawiri imakathera pa tebulo la munthu amene amadziwa kuchotsa loko wa mwini wake, ndipo ena amasintha ngakhale nambala ya IMEI kuti isadziwike. Ena amatsegula mafoni a ngongole kuti asamalize kulipira, n'kupweteka anzawo amene akanapeza foni mwa njira yomweyo. Kumeneko ndi kuba, ndipo wokonza mafoni amene amalandira foni yopanda mwini wodziwika ndi mnzake wa wakubayo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limaletsa kulowa m'makompyuta a ena popanda chilolezo, ndipo ine ndimagwirizana nalo. Mzere wake ndi woonekera: chinthucho ndi chako kapena ndi cha mwini? Mwiniyo wavomera? Ana amene ndimakhala nawo ndimawauza zimenezi tsiku loyamba, ndipo amamva. Ndaona kuti mwana amene waphunzira lusoli poyera, pamaso pa mphunzitsi, amalinyadira ndipo safuna kuliipitsa. Amene amaliphunzira kuseri kwa okala, kwa munthu amene phunziro lake loyamba ndi kuchotsa loko wa foni yakuba, ndiye amasochera. Tikaletsa poyera, kuseri kuja sikutsekeka.

Pa nkhani ya mayeso, yankho lake ndi lakale ndipo ndi lotchipa. Oyang'anira mayeso anene mtundu wa kakuleta wololedwa m'chipinda, ena onse atsale panja. Maola awiri kapena atatu a pepala la masamu si chifukwa chotsekera makina chaka chonse. Texas Instruments inasankha njira yosangalatsa oyang'anira mayeso chifukwa malonda ake amadalira iwo. Ife tilibe malonda oti titeteze, koma mtima womwewo tili nawo. Ndaona ma labu a makompyuta otsekedwa ndi loko wamkulu, makompyuta atafunditsidwa nsalu, ana akuphunzira Computer Studies pa bolodi, kujambula mbewa ya kompyuta m'kope. Ndamva mphunzitsi mnzanga akukalipira mwana chifukwa choti watsegula zenera lakuda lolembamo malamulo, kuti awononga. Mantha ake ndimawamvetsa, chifukwa kompyuta ikafa amene amafunsidwa ndi iyeyo, ndipo yina siibwera msanga. Koma zotsatira zake n'zakuti timatulutsa ana odziwa kutayipa kalata mu Word, oopa china chilichonse.

Apa ndi pomwe Z80 yakaleyi ili ndi ntchito kwathu kuno. Sitikufunika kugula makakuleta a madola 100. Pali mapulogalamu aulere omwe amasandutsa foni ya Android kapena laputopu yakale kukhala makina a Z80 ongoyerekeza, ndipo akauma mumangowayatsanso, palibe chowonongeka. Tebulo la malamulo ake limakwana pa mapepala ochepa. Gawo lalikulu la ntchito limachitika ndi pensulo, choncho magetsi akazima phunziro silima. Ndipo masamu ake ndi omwe ali kale m'mabuku athu: kawerengedwe ka 2 ndi ka 16, malo a manambala, kutsata mfundo imodzi pambuyo pa inzake. Ana amandifunsa kawirikawiri kuti number bases adzazigwiritsa ntchito kuti. Amene anakhalapo ndi 3E 03 safunsanso.

Pulosesa za m'mafoni athu ndi za mtundu wa ARM, si Z80, ndipo ndi zovuta kwambiri. Koma amene wamvetsa kuti pulogalamu ndi manambala okhala pa maadiresi, kuti lamulo lodumpha limasintha njira, kuti sungalowetse byte mwachisawawa, wapeza maziko omwewo. Kuchokera pamenepo akhoza kupita ku makina oyezera odwala omwe agona m'zipatala zathu chifukwa katswiri wake ali ku Johannesburg, ku mainiveta a sola, ku kabokosi koyendetsa injini ya galimoto. Maiko a ku Ulaya anakhazikitsa lamulo la ufulu wokonza zinthu mu 2024, iwo amene ali ndi ndalama zogulira zatsopano. Ife amene timakhalira zokonzakonza sitinayambe n'komwe kukambirana ngati wotigulitsa makina ayenera kutipatsanso mabuku ake ndi njira yolowera m'kati.

Malo oyambira alipo mu mzinda muno. MUBAS ili pa Chichiri ndi ophunzira a uinjiniya wa zamagetsi ndi makompyuta amene angathe kupita ku masukulu a m'matauni Loweruka. Ku Chilomoni kuno kuli koleji ya IT ya ku Beehive. Ku Limbe kuli Soche Technical College. TEVETA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999 kuti iyang'anire maphunziro a ntchito zamanja, ndingakonde itaitana anyamata a m'maokala aja ku maphunziro a madzulo, osati kukawaphunzitsa kuwotcherera komwe amadziwa kale kuposa aphunzitsi awo, koma kuwerenga hex, kusunga kope la pulogalamu ya foni asanaifulashe, ndi kulemba m'buku dzina ndi chiphaso cha aliyense wobweretsa foni yoti itsegulidwe. Satifiketi yotero ingathandizenso ife makasitomala kudziwa woti timupatse foni.

Kwa anzanga ahedi ndi aphunzitsi, pempho langa silifuna bajeti. M'masukulu ambiri omwe ndikuwadziwa muli chipinda chosungira katundu momwe mwaunjikidwa makompyuta akufa a mphatso, osatayidwa chifukwa ali m'kaundula wa katundu wa sukulu. Atulutseni. Sankhani masana amodzi pa sabata, muike mphunzitsi mmodzi, sikuludilaiva ndi kope lolembamo chilichonse chomwe chachotsedwa, ndipo muitane ana onse ofuna, atsikana poyamba, kuphatikizapo aja amene dzina lawo silimveka pa mndandanda wa okhoza bwino.